Kampata Kochepa Ngati Tsitsi M'kati mwa Supercharger

M'nkhani yathu ya lero tikamba za chipangizo china cha pa injini ya galimoto chimene amisiri amachitcha supercharger, makamaka za kampata kakang'ono kamene kali m'kati mwake. Kampata kameneka n'kochepa ngati tsitsi limodzi kapena aŵiri a pamutu, koma mphamvu ya injini, kuchuluka kwa mafuta amene imamwa, ndiponso ndalama zimene mwini galimoto adzasiya ku galaja, zonsezi zimadalira iko. Nkhaniyi ikukhudza amakaniko, madalaivala ndi eni magalimoto, pakuti ena mwa magalimoto ogwirapo kale ntchito amene amabwera kuno kuchokera kunja ali nacho chipangizochi. Mwa iwo muli ma Mercedes-Benz olembedwa mau akuti Kompressor kumbuyo, ndiponso ma Nissan Note ena opangidwa kuyambira m'chaka cha 2012.

Tiyambe ndi funso loyamba: kodi supercharger ndi yantchito yanji? Aliyense amene adakolezapo moto amadziŵa kuti nkhuni pazokha siziyaka, zimafuna mpweya. Injini nayonso ndi moto wotsekeredwa m'chitsulo. Kuti kilogalamu imodzi ya petulo ipse bwino, pamafunika mpweya wolemera makilogalamu pafupifupi 15. Kuthira mafuta ambiri mu injini n'kosavuta, koma mpweya ukachepa mafutawo amangotuluka ngati utsi. N'chifukwa chake injini wamba imafooka m'malo okwera. Pa boma la Dedza, pamene ndi pokwera mamita pafupifupi 1,600, mpweya ndi wopepuka ndi magawo ngati 15 pa 100 alionse poyerekeza ndi wa m'mphepete mwa nyanja yamchere, ndipo injini imataya mphamvu molingana ndi kupepukako. Makolo athu osula makasu adaidziŵa kale njira yake: ankapemerera moto ndi mvukuto mpaka chitsulo chitafiira. Supercharger ndi mvukuto wa injini. Imazunguzidwa ndi lamba wochokera ku injini yomweyo, ndipo imakankhira mpweya wochuluka m'masilinda kuti injini yaing'ono igwire ntchito ya injini yaikulu.

Mitundu ya supercharger ilipo ingapo, koma umene tikambe lero ndi wotchedwa Roots. Dzinali lidachokera kwa abale aŵiri, Philander ndi Francis Roots, a m'tauni ya Connersville m'chigawo cha Indiana ku America, amene boma la kumeneko lidawapatsa chikalata chowazindikira monga eni luso limeneli m'chaka cha 1860. Nkhani imene imasimbidwa ndi yakuti poyamba iwo ankafuna makina oyenda ndi madzi pa fakitale yawo ya nsalu zaubweya. Ziŵalo zozungulira adazisema ndi mitengo, koma zitanyowa zidafufuma n'kukanirira. Atazipala ndi kuzizunguza popanda madzi, adaona kuti makinawo akuuzira mpweya wamphamvu. Kwa zaka zambiri makina a Roots adagwira ntchito yopemerera ng'anjo zosungunulira chitsulo ndi yoloŵetsa mpweya m'migodi. M'chaka cha 1921 kampani yopanga magalimoto a Mercedes idaonetsa mu mzinda wa Berlin magalimoto okhala ndi makina otere pa injini. Taonani kuti vuto loyamba limene abale aja adakumana nalo, lija la kufufuma ndi kukanirira, ndi lomwelo limene amisiri akulimbana nalo mpaka lero.

Tsono tiyeni titsegule chipangizochi m'maganizo mwathu, pakuti pa wailesi sitingakuonetseni chithunzi. Kunja kuli chigoba cha aluminiyamu, chokhala ndi khomo loloŵera mpweya ndi lina lotulukira. M'kati mwake mwagona zitsulo ziŵiri zazitali, moyandikana, zimene zimatchedwa marotor. Rotor iliyonse ili ndi nthiti zitatu kapena zinayi zoyenda m'litali mwake, monga momwe chipatso cha therere lobala chimakhalira ndi mizere yotukuka. Marotor aŵiriŵa amazungulira mosemphana, nthiti ya imodzi n'kumaloŵa m'chigwa cha inzake. Mpweya sudutsa pakati pa marotor. Umatengedwa m'zigwa za pakati pa nthiti, n'kuyenda m'mbali motsatira khoma la chigoba, kufikira utatayidwa ku khomo lotulukira. Pakatipo, pamene nthiti zikuloŵana, ndi potsekera kuti mpweyawo usabwerere.

Chofunika kuchimvetsa bwino n'chakuti marotor ameneŵa sakhudzana, ndiponso sakhudza chigoba. Kumapeto kwake kuli magiya aŵiri oyenda m'oyilo wawowawo, ndipo magiyaŵa ndiwo amasunga rotor iliyonse pamalo pake. M'chipinda cha mpweya mulibe oyilo. Marotor amatha kuzungulira koposa ka 10,000 pa mphindi imodzi, ndipo aluminiyamu ikakhulana ndi aluminiyamu inzake pa liŵiro lotere imatentha, imakandana, mwinanso kumatirirana. Choncho payenera kukhala mpata.

Koma mpata uliwonse ndi njira yothaŵira mpweya. Ku khomo lotulukira mpweya ndi wopanikizika, ndipo mpweya wopanikizika umafunafuna pobwerera. Malo obwerera alipo atatu: pakati pa nsonga ya nthiti ndi khoma la chigoba, pakati pa rotor ndi inzake, ndi kumathero a marotor. Kuipa kwa mpweya wobwererawu kuli paŵiri. Choyamba, injini yaononga mphamvu kukankha mpweya umene sudafike m'masilinda. Chachiŵiri, mpweya ukapanikizidwa umatentha, monga mmene pampu ya njinga imatenthera m'manja mukamapopa. Mpweya wotenthawo ukabwerera umasakanizika ndi watsopano n'kukankhidwanso kachiŵiri, ndipo umatuluka wotentha kuposa poyamba. Mpweya wotentha ndi wopepuka, motero m'silinda mumaloŵa wochepa. Komanso umachititsa petulo kuphulika nthaŵi isanakwane, chimene chimaononga mapisitoni. Kudontha kumeneku kumavuta kwambiri pamene injini ikuyenda pang'onopang'ono, pakuti mpweya umakhala ndi nthaŵi yokwanira yozembera pa mpata. Dalaivala amakumva ponyamuka ndi pokwera chitunda atasenza katundu.

Wina angafunse kuti, nanga bwanji osangochepetsa mpatawo mpaka utatsala pang'ono kutheratu? Yankho lake mmisiri wa matabwa amalidziŵa. Chitseko chimene adachikhoma chothina m'chilimwe chimakana kutseguka m'dzinja. Matabwa amafufuma ndi chinyezi, chitsulo chimafufuma ndi kutentha. Ndodo ya aluminiyamu yotalika mita imodzi, ikatenthedwa ndi madigiri 100, imatalika ndi mamilimita oposa pang'ono 2. Pa rotor yaing'ono kufufumako n'kochepa, komabe n'kokulirapo kuposa tsitsi. Ndiponso marotor ndi chigoba sizitentha mofanana: marotor ali m'kati mwa mpweya wotentha, pamene chigoba chikuombedwa ndi mphepo kunja. Kuonjezera apo, rotor imapindika pang'ono ikamakankha mpweya wopanikizika, ndipo mabering'i amene imagonapo amayamba kugwedera akamakalamba. Mmisiri akasiya mpata waukulu, mpweya uthaŵa. Akasiya waung'ono, zitsulo zikhulana zikatentha. Pofuna kuthana ndi vuto limeneli amisiri adapeza njira ziŵiri, ndipo iliyonse ili ndi malo ake.

Njira yoyamba ndi ya tizingwe ta pulasitiki toika pansonga za nthiti. Kuti tiimvetse tiyenera kubwerera ku chaka cha 1938, pamene ku America kudachitika zinthu ziŵiri zimene panthaŵiyo zidaoneka ngati zosakhudzana. M'chaka chimenecho kampani ya General Motors idayamba kupanga injini za dizilo zotchedwa Detroit Diesel Series 71, zimene zidagwira ntchito m'mabasi, m'malole, m'maboti ndi m'majenereta. Injini zimenezi sizikanatha kupuma zokha. Iliyonse idali ndi makina a Roots ouzira mpweya watsopano m'masilinda ndi kuthamangitsa utsi. Marotor ake adali a aluminiyamu yopanda chokutira chilichonse, pakuti mpweya sunkapanikizidwa kwambiri, ndipo makaniko ankayesa mpata ndi timapepala tachitsulo topyapyala. M'chaka chomwecho katswiri wa mankhwala dzina lake Roy Plunkett, wa ku kampani ya DuPont, adatulukira mwangozi pulasitiki yoterera kwambiri imene pambuyo pake idatchedwa Teflon. Amayi ambiri amaidziŵa pulasitikiyi, pakuti ndi ija imamatidwa m'mapoto ena okazingira kuti dzira lisakakamire. Siisungunuka kufikira kutentha kutapitirira madigiri 320.

Itatha nkhondo yachiŵiri ya dziko lonse, anyamata ochita mpikisano wa liŵiro ku America adayamba kuchotsa makina a Roots pa injini zija za dizilo, makamaka ya masilinda 6 yotchedwa 6-71, n'kuwaika pamwamba pa injini za petulo. Iwo ankafuna kupanikiza mpweya koposa mmene makinawo adapangidwira, ndipo pamene mpweya udapanikizika kwambiri, kudontha nako kudakula. Motero patapita zaka adayamba kusema timingalande m'litali mwa nthiti za marotor ndi kuloŵetsamo tizingwe ta Teflon, kapena ta pulasitiki ina yolimbirapo yotchedwa Nylatron. Kachingwe kamatulukira pang'ono pamwamba pa chitsulo, ndipo ndiko kamakhudza khoma la chigoba kapena rotor inzake. Chitsulo sichikhudza chitsulo, koma mpata watsekeka.

Njira imeneyi ndi yofanana ndi kachikopa ka m'pampu ya njinga, kapena mphira wa m'kati mwa mjigo. Chinthu chofeŵa chimakhula khoma kuti pasadonthe. Koma tonse tikudziŵa kuti kachikopa ka pampu kakauma kamatha msanga, ndi kuti mphira wa mjigo amausintha kaŵirikaŵiri. Walira mvula walira matope. Tizingwe timeneti timadyeka, ndiponso kukhulako kumabala kutentha. Pa magalimoto a mpikisano otchedwa Top Fuel zimenezi sizidetsa nkhaŵa. Kuyambira m'chaka cha 2008 magalimotoŵa amathamanga mtunda wa mamita 305 okha, ndipo amaumaliza masekondi 4 asanakwane, ali pa liŵiro loposa makilomita 500 pa ola. Mafuta ochuluka zedi amathiridwa pamwamba pa supercharger n'kudutsa pa marotor, ndipo mafutawo amaziziritsa tizingwe ndi kutitereretsa. Galimoto ikangomaliza mtunda wake amakaniko amaphwasula injini, ndipo tizingwe timasinthidwa titangogwira ntchito maulendo oŵerengeka. Supercharger ya mpikisano imagwira ntchito masekondi. Ya pamseu imafunika kugwira ntchito zaka.

N'chifukwa chake magalimoto a pamseu amatsata njira yachiŵiri, ya chokutira. Pa magalimoto ambiri amakono mafuta amathiridwa pafupi ndi masilinda kapena m'kati mwake mwenimweni, kotero kuti mu supercharger mumadutsa mpweya wouma wokhawokha. Tizingwe tokhula khoma tikanapsa. Kampani ya Eaton ya ku America, imene idaika supercharger yake pa galimoto ya Ford Thunderbird m'chaka cha 1989 ndipo pambuyo pake idapangira makampani ena ambiri, imakutira marotor ake ndi ufa wa utomoni wotchedwa epoxy, wosakaniza ndi graphite, yemwe uja wakuda wa m'kati mwa pensulo. Ufawo amauŵaza pa rotor n'kuuotcha mu uvuni mpaka utagwira. Chokutiracho chimaoneka chotuŵa kapena chakuda, ndipo adachipanga dala kuti chikhale chofeŵa kuposa chitsulo.

Nzeru yake ndi iyi. Marotor atsopano amaloŵetsedwa m'chigoba ali othina, chokutira chitadzaza pafupifupi mpata wonse. Makinawo akayamba kuzungulira ndi kutentha, paliponse pamene rotor yakhudza inzake kapena khoma, chokutira chimapalika pang'ono ngati fumbi. Pamene sipadakhudzane, chimatsala. Posakhalitsa kukhudzana kumatha, ndipo mpata umene watsala ndi wochepetsetsa umene makina amenewo angayende nawo. Wokwera njinga m'dzinja adaziona zotere: matope akadzaza pansi pa madigadi, tayala limadzipalira njira yongokwanira ilo lokha, ndipo m'matopemo mumatsala chithunzi chenicheni cha tayalalo. Palibe makina osemera chitsulo amene angayese rotor iliyonse ndi chigoba chake molondola chotero pa mtengo umene wogula angaukwanitse. Nzeru yomweyi imagwiranso ntchito mu injini za ndege za jeti, mmene khoma lozungulira nsonga za mapiko a injini limamatidwa chinthu chofeŵa kuti mapikowo adzipalire okha mpata wawo.

Pamodzi ndi chokutira, amisiri adasinthanso maonekedwe a marotor. Marotor akale a Eaton adali ndi nthiti 3 zopotoka madigiri 60 kuchokera kumutu kufika kumchira. A mtundu wotchedwa TVS, monga amene adaikidwa pa galimoto ya Chevrolet Corvette ZR1 ya 2009, ali ndi nthiti 4 zopotoka madigiri 160. Kupotokako kumachititsa mpweya kuyenda mosadukiza, phokoso limachepa, ndipo mpweya umatuluka wozizirirapo. Komabe nthiti zingapotoke motani, phindu lake limaonekera pokhapokha ngati mpata uli wosungika.

Tsono, omvera, tifike pa zimene zili m'manja mwathu. Chokutira chimadzipala kamodzi kokha. Chimene chapalika sichimeranso. Ndipo mdani wake wamkulu ndi amene timakhala naye tsiku ndi tsiku m'miyezi ya Seputembala ndi Okutobala: fumbi. M'fumbi la m'miseu yadothi muli timchenga tolimba kuposa aluminiyamu, ndipo mpweya umene supercharger imakankhira mu injini umayamba wadutsa pa marotor. Sefa ya mpweya ikang'ambika, kapena paipi yochokera ku sefayo ikamasuka, timchengato timasanduka sandipepa wopala chokutira ndi kukanda khoma la chigoba. Mpata umakula pang'onopang'ono, mwini galimoto osazindikira, kufikira tsiku limene galimoto idzayamba kufooka pa chitunda chimene kale inkakwera mosavuta. Choncho sefa ya mpweya iziyang'anidwa pafupipafupi, ndipo ikatha isinthidwe. Chizoloŵezi chochotsa sefa yotsekeka n'kumayenda popanda kanthu, poti ndalama ya yatsopano sidapezeke, n'choopsa pa injini iliyonse. Pa injini ya supercharger kuonongako kumayambira pa chipangizo chodula kuposa masefa ambirimbiri.

Chachiŵiri chikupita kwa amakaniko. Mukatsegula supercharger n'kuona marotor akuda, musathamangire kuganiza kuti ndi mwaye. Kudako nthaŵi zambiri ndicho chokutira chimene. Musachipale ndi mpeni, sandipepa kapena burashi yawaya, ndipo musachitsuke ndi mankhwala amphamvu osungunulira penti kapena otsukira kabureta, pakuti amafeŵetsa utomoni n'kuusupula. Rotor yopalidwa imaŵala bwino m'maso, koma mpata wake wakula ndipo sudzabwereranso. Ngati pali mafuta kapena litsiro, kansalu koyera kofeŵa n'kokwanira. Mizere yopepuka pa chokutira si chizindikiro cha vuto; ndi pamene marotor adadzipalira njira. Chimene chiyenera kukudetsani nkhaŵa ndi chokutira chosupuka zigamba zikuluzikulu, kapena mikwingwirima yakuya pa khoma la chigoba. Mukaona zotere musangoyang'ana chokutiracho. Funsani chimene chidachititsa. Kaŵirikaŵiri ndi bering'i yotha imene yalola rotor kusuntha, kapena kanthu kolimba kamene kadaloŵa ndi mpweya. Kukutiranso marotor pamene bering'i ili yomweyo n'kutaya ndalama.

Chachitatu ndi magiya aja amene amasunga marotor kuti asakhudzane. Iwo ali ndi oyilo wawo wapadera, wochepa chabe, wosiyana ndi wa mu injini. Oyiloyu akadontha n'kutha, magiya ndi mabering'i amadyeka, marotor amayamba kugundana, ndipo palibe chokutira chimene chingapirire zimenezo. Phokoso lachilendo lokhula kapena logogoda kuchokera pa supercharger lisanyalanyazidwe. Ndiponso magiyawo asachotsedwe pa marotor ndi munthu amene alibe zida zowabwezera pamalo pake penipeni, pakuti kuphonya pang'ono chabe kumatseka mpata mbali imodzi ndi kuutsegula mbali inayo. Safunsa adadya phula. N'kwanzeru kufunsa kaye mmisiri amene adaigwirapo ntchito imeneyi.

Chachinayi chikupita kwa achinyamata okonda liŵiro. Alipo ena amene amamva za tizingwe ta Teflon n'kuganiza kuti, popeza timagwira ntchito pa magalimoto othamanga koposa onse, ndiye kuti n'tabwino pa galimoto iliyonse. Sizili choncho ayi. Tizingwe timafuna mafuta odutsa pa marotor ndiponso munthu wotisintha kaŵirikaŵiri. Pa ulendo wautali wa pamseu timadyeka, ndipo tikadyeka mpata umabwerera pomwe udali kapena kuposerapo. Alipo enanso amene amaika gudumu la lamba laling'ono kuti supercharger izungulire mofulumira. Mphamvu imakweradi, koma kutentha nako kumakwera, marotor amafufuma kuposa kale, ndipo amapala chokutira china chimene chikanatsala. Galimoto ikabwerera ku mayendedwe ake a masiku onse, mpata umakhala utakula kale.

Wogula galimoto yogwirapo kale ntchito naye atengepo phunziro. Musanalipire, funsani ngati injini yake ili ndi supercharger. Ngati ili nayo, tsegulani bokosi la sefa ya mpweya ndi kuyang'ana mbali ya ku injini ngati kuli fumbi. Mvetserani phokoso injini ikulira yokha galimoto itaima, ndipo muiyese pa chitunda itatentha, osati pa mseu wosalala wokha.

Mwachidule, omvera, tanena kuti supercharger ya mtundu wa Roots imagwira ntchito bwino pamene marotor ake ayandikana kwambiri koma osakhudzana. A mpikisano amatseka mpatawo ndi tizingwe totha msanga, chifukwa makina awo amagwira ntchito kanthaŵi kochepa ndipo amaphwasulidwa kaŵirikaŵiri. Opanga magalimoto a pamseu amagwiritsa ntchito chokutira chimene chimadzipala kamodzi n'kukhala zaka zambiri. Udindo wa mwini galimoto ndi wa makaniko wake ndi kusunga chokutiracho: sefa ikhale yabwino, oyilo wa magiya asathe, ndipo marotor asapalidwe.